Robert Abbott ndi Chicago Defender: munthu amene anauza anthu ake kuti anyamuke

A Phiri, Zomba:

Moni nonse pagulu pano. Mlungu wathawu tinakambirana za ntchito ya atolankhani, ndipo ndinalonjeza kubweretsa mbiri ya munthu amene amandibwerera m'maganizo nthawi zonse nkhani yotere ikabuka. Munthuyo ndi Robert Sengstacke Abbott, amene anayambitsa nyuzipepala ya Chicago Defender mumzinda wa Chicago ku America.

Abbott anabadwira pachilumba cha St. Simons m'chigawo cha Georgia, patangopita zaka zochepa ukapolo utathetsedwa mu 1865, ndipo bambo ake omubereka, amene anakhalapo kapolo pachilumbapo, anamwalira iye akadali khanda. Analeredwa ndi bambo omupeza, a John Sengstacke, amene anali mbusa kufupi ndi mzinda wa Savannah ndipo ankasindikizanso kanyuzipepala ka m'dera lawo. Anaphunzira ntchito yosindikiza pa sukulu ya Hampton ku Virginia, kenaka anapita ku Chicago kukaphunzira zamalamulo pa Kent College of Law. Uloyawo sunamuyendere. Loya wina wotchuka, wakuda mnzake, anamuuza mosabisa kuti khungu lake linali lakuda kwambiri moti m'mabwalo a milandu a mumzindawo sakanamumvera.

Pa 5 Meyi 1905 anatulutsa makope 300 a nyuzipepala ya masamba anayi, atayamba ndi mpamba wa masenti 25 okha. Ofesi yake inali patebulo m'nyumba ya mayi Henrietta Lee pa State Street, amene ankachitako lendi. Iye yemweyo anali mtolankhani, mkonzi ndi wogulitsa, ndipo ankayenda wapansi khomo ndi khomo, m'malo ometera tsitsi ndi m'matchalitchi, atapanira mtolo wa nyuzipepala m'khwapa. Pofika m'chaka cha 1918 nyuzipepalayo inkagulitsa makope oposa 100,000 pa mlungu, ambiri mwa iwo kunja kwa Chicago. Funso limene ndikufuna tikambirane ndi lakuti, kodi n'chiyani chinapatsa kapepala ka patebulo la eni mphamvu yosamutsa anthu m'midzi yawo?

Mayi Nabanda, Lilongwe:

Zikomo bambo Phiri chifukwa cha nkhaniyi. Ine ndikuona kuti yankho lili m'manja mwa anthu amene ankainyamula. Kum'mwera kwa America, m'zigawo monga Mississippi, Alabama ndi Louisiana, kunali matauni kumene akuluakulu a boma ankalanda nyuzipepalayi ndi kuopseza aliyense wopezeka akuigulitsa. Amene anaifikitsa kumeneko anali amuna akuda ogwira ntchito m'sitima zogonamo za kampani ya Pullman, oyala mabedi ndi kunyamula katundu wa apaulendo. Ankabisa mitolo ya Defender m'sitimamo n'kumaisiya kwa anthu odalirika m'masiteshoni a m'njira, ndipo pobwerera ankatola nyuzipepala zimene apaulendo asiya pamipando n'kukazipereka ku ofesi ya Abbott kuti akonzi apezemo nkhani za kumadera akutali.

Kope limodzi silinkathera pa munthu mmodzi. Linkawerengedwa mokweza m'malo ometera tsitsi ndi pambuyo pa mapemphero, kenaka n'kumadutsa m'manja mwa anthu mpaka kuthetheka. Zimenezi ine ndimazimvetsa bwino, chifukwa ndili mwana kumudzi kwathu ku Dedza ndinali wowerengera agogo anga aamuna. Munthu akabwera kuchokera kutauni ndi nyuzipepala, ngakhale ya milungu itatu yapitayo, agogo ankandiitana pakhonde, amuna ena anayi kapena asanu n'kukhala pamipando ya ndalema, ndipo ndinkawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ankandiimitsa pakati pa chiganizo kuti atsutsane kaye, akatha n'kunena kuti pitiriza mwanawe. Wina ankaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la jekete kuti akawerengetse kumudzi wina. Choncho ndikamva kuti Defender inkagulitsa makope 100,000, ndimadziwa kuti makutu amene anaimva anali ochuluka kuwirikiza kangapo.

A Mwale, Johannesburg:

Moni akuluakulu. Ndawerenga zonse ziwiri mwachidwi, koma ndiloleni ndibweretse mbali imene imandisowetsa mtendere pa munthu ameneyu. Abbott sanangolemba za nkhanza za kum'mwera, koma anauza anthu mwachindunji kuti asiye minda yawo apite kumpoto. Anafika potchula tsiku, 15 Meyi 1917, loti anthu anyamuke mwaunyinji. Nyuzipepala yake inkasindikiza nthawi zonyamukira sitima, malo a ntchito m'mafakitale a nyama ndi a zitsulo, ndiponso nkhani zoonetsa Chicago ngati dziko la lonjezano. Anthu anamvera. M'chaka cha 1910 anthu akuda mu Chicago anali pafupifupi 44,000, pofika 1920 anali 109,000, ndipo mu 1930 anali 234,000.

Tsono atafika anapeza chiyani? Anapanikizidwa m'kadera kopapatiza ka ku South Side, chifukwa eni nyumba a m'madera ena ankachita mapangano olembedwa oletsa kugulitsa kapena kuchititsa lendi nyumba kwa munthu wakuda. Nyumba ya banja limodzi inkadulidwa tizipinda ta mabanja angapo, lendi n'kukhala yokwera kuposa imene azungu ankalipira. Amene anayesa kugula nyumba kunja kwa malirewo anaponyeredwa mabomba, ndipo pakati pa 1917 ndi 1921 zoterezi zinachitika ka 58. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ine ndinabwera kuno ku Joni nditamva mawu okoma a anzanga pa foni. Palibe amene anandiuza kuti tidzagona anthu asanu m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya munthu, kapena kuti ndidzagwira ntchito miyezi iwiri kwa bwana wina amene pamapeto pake anakana kundilipira podziwa kuti ndinalibe kokadandaula. Anzangawo sananame, ntchito inalipodi, koma anangondiuza theka la nkhani. Munthu amene akuitana anzake kuti asamuke amasenza udindo waukulu, ndipo Abbott ankapindula ndi kusamukako, pakuti aliyense wofika mu Chicago anali kasitomala watsopano wa nyuzipepala yake ndi wa amalonda otsatsamo katundu.

A Phiri, Zomba:

Achimwene a Mwale, mawu anu ndi olemera ndipo sindikufuna kuwapeputsa, makamaka poti mukunena zimene munaziona ndi maso anu. Koma tiyeni tione kaye chimene anthuwo ankathawa, chifukwa popanda kutero tingaweruze Abbott ngati munthu amene anachotsa anthu pamtendere.

Ambiri mwa iwo anali alimi olima m'minda ya eni, mofanana ndi matenanti a m'maesiteti a fodya kwathu kuno. Ankatenga mbewu, chakudya ndi zovala pa ngongole kusitolo ya mwini munda, ndipo pokolola thonje mwini munda yemweyo ndiye ankawerengetsa, mlimi n'kupezeka kuti pakutha pa chaka ali ndi ngongole yoposa ya chaka chinacho. Kutsutsa mawerengedwewo kunali kuika moyo pachiswe. Pamwamba pa izo panabwera kachilombo koboola thonje kamene kanawononga minda m'zigawo zambiri, komanso madzi osefukira a m'zaka za 1915 ndi 1916. Ufulu woponya voti anali atalandidwa kudzera m'misonkho ndi mayeso ochita kukonzera dala. Choopsa koposa chinali chakuti munthu wakuda ankatha kugwidwa ndi gulu la anthu, kupachikidwa pamtengo kapena kuwotchedwa masanasana popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ochita zimenezo sankamangidwa.

Nthawi yomweyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inayamba mu 1914, inatseka njira ya anthu ochokera ku Ulaya amene mafakitale a kumpoto ankawadalira, moti kwa nthawi yoyamba makampani a nyama monga Armour ndi Swift anayamba kufuna antchito akuda ambiri. Njanji ya Illinois Central inali kale italumikiza New Orleans ndi Chicago kudutsa m'Mississippi. Kunena zoona, anthu akanasamuka ndithu ngakhale pakanapanda Abbott. Chimene iye anawonjezera n'chakuti anasandutsa kuthawa kwa munthu mmodzimmodzi usiku kukhala chinthu chimene anthu ankachita mutu uli m'mwamba. Atsogoleri ena akuda a nthawiyo ankalangiza anthu kuti apirire pomwe alipo, pamene Abbott ankawalankhula ngati anthu oti angathe kusankha okha kokhala. Kwa munthu amene agogo ake ankagulitsidwa ngati mbuzi pamsika, kukwera sitima mwa kufuna kwake sichinali chinthu chaching'ono.

Mayi Nangozo, Blantyre:

Ndikufuna kuwonjezerapo za kalembedwe kake, poti ndinagwirapo ntchito yowerenga zolakwika m'nyumba ina yosindikizira ndipo maso anga amapita msanga pa mawu. Nyuzipepala za azungu za nthawi imeneyo zikamalemba za munthu wakuda, makamaka pa nkhani ya upandu, zinkaika mawu osonyeza mtundu wake pafupi ndi dzina lake, pamene mzungu ankangotchulidwa dzina basi. Defender inatembenuza mchitidwewo n'kumaika mawu osonyeza kuti munthuyo ndi mzungu pambuyo pa mayina a azungu. Inkapewanso mayina amene ena anapatsa anthu akuda, n'kumagwiritsa ntchito mawu akuti the Race, ngati mmene ife tinganenere kuti mtundu wathu. Tinthu timeneti timaoneka tating'ono, koma munthu amene wakhala akuwerenga dzina la mtundu wake pa nkhani za akuba zokha amamva kusiyana kwake tsiku loyamba lomwe.

Komabe pali zimene sindingaziikire kumbuyo. Kuyambira 1910, Abbott atalemba ntchito mkonzi J. Hockley Smiley, nyuzipepalayo inatengera kalembedwe kokokomeza ka nyuzipepala za mzungu wolemera William Randolph Hearst, mitu ikuluikulu ya inki yofiira ndi nkhani zolembedwa kuti zigwedeze mtima. Nkhanzazo zinali zenizeni ndipo zinkayenera kufuulidwa, koma kalembedwe kameneko kanalinso njira yogulitsira makope. Chimene chimandipweteka koposa ndi masamba a malonda, amene ankadzaza ndi mafuta oyeretsa khungu ndi mankhwala owongola tsitsi. Munthu amene anakanidwa uloya chifukwa cha kuda kwa khungu lake ankalipira antchito ake ndi ndalama za amalonda ouza atsikana akuda kuti kukongola n'kuyera. Ndimayesa kumumvetsa, chifukwa makampani akuluakulu a azungu sankatsatsa malonda m'nyuzipepala za anthu akuda, ndipo makina osindikizira safuna kumva za mfundo, amafuna pepala ndi inki. Koma mtsikana amene anawerenga tsamba loyamba n'kunyadira mtundu wake anapezanso uthenga wina pa tsamba lachisanu ndi chimodzi.

A Mwale, Johannesburg:

Zikomo mayi Nangozo. Bambo Phiri, ndavomereza kuti kum'mwera kunali koipitsitsa, ndipo sindikunena kuti anthu akanakhala. Koma tisadumphe chaka cha 1919. Lamulungu pa 27 Julayi chaka chimenecho, mnyamata wa zaka 17, Eugene Williams, ankasambira ndi anzake m'nyanja ya Michigan atagwirira thabwa loyandama, ndipo madzi anawakokera kumbali imene azungu ankaiyesa yawo, ngakhale panalibe lamulo kapena chikwangwani chonena choncho. Mzungu wina anayamba kuwagenda miyala, mnyamatayo anamira, ndipo wapolisi amene analipo anakana kumanga wogendayo. Zipolowe zimene zinatsatira zinatenga pafupifupi mlungu wathunthu. Anthu 38 anafa, akuda 23 ndi azungu 15, ndipo oposa 500 anavulala. Zimenezi zinachitika patangopita zaka ziwiri kuchokera pa tsiku lija la 15 Meyi. Mayi amene anagulitsa ziwiya zake ku Mississippi kuti apeze ndalama ya tikiti anali ndi ufulu wofunsa Abbott kuti, kodi kuno n'kumene munkanena kuja?

A Phiri, Zomba:

Anali nawodi ufulu umenewo, achimwene, ndipo ndikuganiza kuti funsolo linamufika. Chimene ndimayang'ana ine ndi zimene anachita m'mawa mwake. Sanatseke ofesi n'kuthawa. Kampani ya azungu imene inkamusindikizira itakana kugwira nyuzipepala yake m'masiku a zipolowewo, anakasindikizira ku Gary m'chigawo cha Indiana, ndipo phunziro limene anatolapo linali lakuti nyuzipepala yodalira makina a eni ingathe kutsekedwa pakamwa tsiku limene ikufunika koposa. Mu 1921 anatsegula nyumba yakeyake yosindikizira pa Indiana Avenue. Anavomeranso kukhala m'komiti imene bwanamkubwa wa Illinois, Frank Lowden, anakhazikitsa kuti ifufuze gwero la zipolowezo, ndipo lipoti lake la mu 1922 linaika poyera nkhani za nyumba, za ntchito ndi za kukondera kwa apolisi zimene inu mwatchula.

Pali kusiyana kumodzi kumene sitiyenera kukuiwala. Ku Chicago anthu akuda anaphedwa, koma anadziteteza, anali ndi nyuzipepala yolemba mayina a akufa, ndipo ankaponya voti. Mavoti a anthu osamukawo ndi amene anatumiza Oscar De Priest ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse pa chisankho cha 1928, munthu wakuda woyamba kusankhidwa kuchokera kumpoto. Ku Mississippi zimenezo sizikanatheka m'zaka zimenezo.

A Chirwa, Mzuzu:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga, koma pali mfundo ziwiri zimene zikukhudza mbiri yathu ndipo zikuonetsa kuti Abbott sanali wolunjika nthawi zonse. Yoyamba ndi ya Marcus Garvey, mtsogoleri wa anthu akuda wochokera ku Jamaica amene ankakhala ku America. Abbott ankadana naye kwambiri, ndipo mu Januwale 1923 anali mmodzi mwa anthu akuda asanu ndi atatu otchuka amene anasaina kalata yopempha boma la America kuti lifulumize mlandu wa Garvey. Garvey anamangidwa, ndipo mu 1927 anathamangitsidwa m'dzikolo kubwerera ku Jamaica. Anali ndi zolakwa zake zazikulu, makamaka pa kayendetsedwe ka ndalama za kampani yake ya sitima zapamadzi, koma mwini nyuzipepala amene boma lomwelo linkamuzonda pa nthawi ya nkhondo anayenera kuganiza kawiri asanapemphe boma kuti lithane ndi mwini nyuzipepala mnzake. Kuno ku Nyasaland nyuzipepala ya Garvey, Negro World, inali yoletsedwa, ndipo mu 1926 a Isa Macdonald Lawrence anagamulidwa kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko muno nyuzipepalayo pamodzi ndi Workers' Herald ya bungwe la a Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene ankatsogolera antchito ku South Africa. Ntchito imene amuna a m'sitima ankaigwirira Abbott ku Mississippi ndi yomweyo imene inamangitsa munthu wa kwathu, koma pepala limene iye ananyamula linali la mdani wa Abbott.

Yachiwiri ndi ya amuna a m'sitima omwewo. Pamene anayambitsa bungwe lawo la antchito mu 1925 motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, pofuna malipiro abwino ku kampani ya Pullman, Defender poyamba sinaime nawo, ndipo inatembenuka patapita zaka ziwiri anthu atayamba kuinyanyala. Mayi Nabanda anena zoona kuti mphamvu ya nyuzipepalayi inali m'manja mwa anthu amenewa, ndipo n'chifukwa chake kuzengereza kumeneko kumandiwawa.

Mayi Nabanda, Lilongwe:

Bambo Chirwa, nkhani ya a Lawrence yandikhudza kwambiri, ndipo yandikumbutsa Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko muno, kenaka kupezeka nayo n'kukhala mlandu. Anthu ankaikopa mobisa n'kumapatsirana, ndipo ine ndinaiona koyamba itapindidwa kanayi m'kati mwa buku la nyimbo la mayi ena a kwaya. Pa za amuna a m'sitima, ndikuvomereza kuti anawalakwira. Chimene ndikuonapo n'chakuti owerenga atakwiya, nyuzipepala inagonja, kusonyeza kuti eni ake enieni anali iwowo, ngakhale dzina la pachikuto linali la Abbott.

Tisaiwalenso kuti sankangolimbana ndi adani. Bessie Coleman atakanidwa ndi sukulu zonse zophunzitsa kuulutsa ndege ku America chifukwa anali mkazi komanso wakuda, Abbott ndiye anamulimbikitsa kuti apite ku France, kumene analandira chiphaso chake mu Juni 1921. Anayambitsanso kalabu ya ana yotchedwa Bud Billiken, ndipo perete wake, amene anayamba mu 1929, akuchitikabe mwezi wa Ogasiti ku South Side. Ndipo atalemera sanaiwale mayi Lee, amene anamusunga ndi kumudyetsa m'zaka zimene lendi inkamukanika, koma anawagulira nyumba.

A Phiri, Zomba:

Ndimalize mbiri yake kuti amene angofika kumene pagulu asatsalire. Abbott anakhala mmodzi mwa anthu akuda oyamba ku America kupeza chuma chofika miliyoni ya madola ndi thukuta lake. Anakwatira kawiri koma sanabereke mwana, choncho anaphunzitsa John H. Sengstacke, mwana wa mng'ono wake wa bere limodzi, amene kwathu kuno tikanangoti mwana wake, n'kumukonzekeretsa kudzatenga ntchitoyo. Anamwalira ndi matenda a impso pa 29 Febuluwale 1940, tsiku lomwe Sengstacke anasonkhanitsa eni nyuzipepala za anthu akuda mu Chicago kuti akhazikitse bungwe lawo. Pansi pa Sengstacke, Defender inalimbikira nkhani yothetsa tsankho m'gulu la asilikali, limene pulezidenti Harry Truman analamula kuti lithe mu 1948, inatsata mwatsatanetsatane imfa ya Emmett Till mu 1955, mnyamata wa ku Chicago amene anaphedwa ndi azungu atapita kukacheza kwa achibale ku Mississippi, ndipo mu 1956 inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku. Kope lomaliza la papepala linatuluka mu Julayi 2019, ndipo tsopano imapezeka pa intaneti pokha.

A Mwale, Johannesburg:

Zikomo bambo Phiri potipirira. Nkhani ya Emmett Till yandiimitsa, chifukwa mayi ake anabadwira ku Mississippi n'kusamukira kumpoto ndi makolo awo akadali mwana, m'gulu la anthu omwe tikukambawa. Mtembo wa mwana wawo utabwera pa sitima ku Chicago, iwo analamula kuti bokosi likhale lotsegula kuti anthu aone zimene anamuchita, anthu miyandamiyanda anafola kudzaona, ndipo panali nyuzipepala za anthu akuda zolemba zimenezo popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ndikuvomera kuti akanakhala kuti banja lawo silinasamuke, maliro amenewo akanaikidwa mwakachetechete ngati ena ambiri a m'mbuyomo. Pamenepo mwandigonjetsa.

Pa nkhani ya nyumba ndi lendi ndiye sindinasunthe. Munthu amene anatha kusindikiza nthawi yonyamukira sitima akanathanso kusindikiza pa tsamba lomwelo, ndi zilembo zazikulu chimodzimodzi, mtengo wa kachipinda ka pa State Street ndi chiwerengero cha anthu ogonamo. Ine mng'ono wanga atandiimbira foni chaka chatha kuti akufuna kubwera kuno, ndinamutumizira chithunzi cha chipinda chimene ndimagona asanagule tikiti ya basi, ndipo anabwerabe.